Makoswe m'khola la nkhuku: yambani ndi chakudya, poizoni pomaliza

Abale anga oweta nkhuku kuseri kwa nyumba kuno ku Harare, kaya muli ku Mabvuku, Tafara, Mufakose, Dzivarasekwa kapena Epworth, nkhani ya makosweyi tiyeni tiikambe bwinobwino chifukwa ambiri tikumangothamangira kukagula mankhwala pamsewu, makoswe awiri atatu afa, pakatha masabata angapo abwera ena ochuluka kuposa oyamba aja, nde munthu kumayamba kuganiza zoti aneba akulodza. Palibe wakulodzani. Khoswe chimene chamubweretsa ndi chakudya cha nkhukuzo ndi madzi, mazira ndi anapiye amangopezerapo mwayi, ndipo njoka nayo imabwera ikulondola makoswe omwewo. Nde ntchito iyambire pa chakudya.

Choyamba dziwani kaye kuti wakuberaniyo ndi ndani, musanawononge ndalama. Madzulo mukatsekera nkhuku wazani ufa pang'ono kapena phulusa losefa m'mbali mwa khola ndi pakhomo, m'mawa mupeza mapazi. Khoswe amasiya timapazi ndi kamzere ka mchira pakati, manyi ake akuda ngati mpunga wopserera, ndipo m'mbali mwa khoma momwe amadutsa tsiku ndi tsiku mumada ndi mafuta a m'thupi mwake. Mwanapiye akasowa usiku kenako mwamupeza atakokeredwa pa una atadyedwa theka, ameneyo ndi khoswe. Mazira akusowa popanda chikamba ngakhale chimodzi pansi, ganizirani njoka. Nkhuku zingapo zafa usiku umodzi zitalumidwa pakhosi kapena kudulidwa mitu, ameneyo ndi likongwe kapena kanyama kena ka mtundu umenewo, makamaka kwa inu oyandikana ndi madambo ndi mitsinje ngati Mukuvisi. Nthenga mbwee bwalo lonse, waya wapindika, ndi galu. Koma ngati palibe nthenga, palibe magazi, zasowa zonenepa zokhazokha, gulani loko wabwino basi, ameneyo ndi wa miyendo iwiri.

Tsopano chakudya. Thumba la 50kg la growers kapena layers mash kulisiya pansi pakona m'thumba momwemo ndiye kuitana alendo. Pezani diramu yachitsulo ya malita 200 yokhala ndi chivundikiro chokwana bwino, ku Siyaso ku Mbare amapezeka, muitsuke bwino kaye ndipo mufunse kuti munali chiyani, musatenge yomwe munali mankhwala. Zidebe zapulasitiki khoswe amaboola usiku umodzi wokha, mano ake amakula moyo wake wonse nde amangokhalira kutafuna zinthu, matabwa, mapaipi, nthambo za magetsi zomwe. Madeya, chimanga, mapira a ma roadrunner (nkhuku zathu zachikuda zija), zonse mu diramu.

Kukada chotsani modyera ndi momwera monse, sesani zomwe zatayika pansi. Nkhuku mumdima sizidya sizimwa, nde chakudya chogona m'khola usiku mukudyetsa makoswe okhaokha. Khoswe wamkulu amadya magalamu 20 mpaka 30 patsiku, muwerengere nokha, akakhala 20 ndiye pafupifupi theka la kilo tsiku lililonse, pamwezi makilo ngati 15 apita osawerengera zomwe akodzera ndi kunyera. Nsima yotsala ndi makoko a ndiwo ziponyereni m'mawa zithe dzuwa likadalipo. Mazira tolani madzulo aliwonse. Inu a mabuloila amene mumayatsa getsi usiku kuti zizidya ndikudziwa muti izi sizingatheke, zoona, kwa inu ndiye kholalo liyenera kukhala lotsekeka kwenikweni, palibe kuchitira mwina.

Apa ndi pomwe ambiri timanamizidwa ndi waya. Waya wa nkhuku uja wa maso a makona sikisi ntchito yake ndi kutsekera nkhuku kuti zisatuluke, si woletsa zilombo kulowa ayi. Kakhoswe kakang'ono kamadutsa pa bowo loti chala chanu chachikulu chalowa, mbewa ndiye pa bowo la mamilimita 6 okha yadutsa, ndipo galu amang'amba wayayo mosavuta. Chofunika ndi waya wowotcherera wa maso ang'onoang'ono a folo kona, mamilimita 13 kapena kucheperapo kwa makoswe, kwa mbewa ndiye achepe kuposa 6 aja. Ndi wodula, sindikukana, nde ngati thumba silikulola kukuta khola lonse kutani chipinda chogona chokha ndi mwa anapiye, kunja kochezera masana kukhale waya wamba. Pansi kumbani ngalande masentimita 30 kuzungulira khola, waya alowe m'nthaka kenako apindikire kunja masentimita ena 30, mukwirire. Chokumba chilichonse chimayambira m'tsinde mwenimweni mwa khoma, chikagunda waya sichiganiza zobwerera m'mbuyo kukayambira patali. Amene angathe kuthira simenti pansi athire, kusesa kumaphwekanso.

Mukatero lowani m'kholamo masana, tsekani chitseko, yang'anani paliponse pomwe kuwala kukulowa. Pansi pa chitseko, pomwe malata akumana ndi khoma, makamaka m'mafunde a malata muja, pomwe mpanda wa simenti uja wa durawall wasiyana mapanelo. Makoswe akuda aja a m'denga ndi akatswiri pokwera, amayenda pamwamba pa durawall kuchokera kwa aneba, kudzera nthambi ya mango kapena ya mapeyala nkutsikira padenga la khola, nde nthambi zokhudza denga dulani. Mauna tsekani ndi simenti yosakaniza ndi magalasi oswa, dothi lokha afukula usiku womwewo. Milu ya njerwa, matayala akale, malata otha, nkhuni zounjika mbali mwa khola, udzu wautali, zonsezo zichoke pasiyike malo oyera ngakhale mita imodzi kuzungulira. Khoswe amadana ndi kudutsa poyera. Ntchito imeneyi muigwire isanafike April ndi May, chifukwa anthu akakolola chimanga m'timinda ta m'madambo ndi m'mbali mwa misewu, kenako udzu nkuyamba kuotchedwa, makoswe onse amasamukira kunyumba kuthawa njala ndi kuzizira kwa June.

Misampha itchereni chakudya mutachibisa kale, apo ayi khoswe wokhuta alibe nayo ntchito nyambo yanu. Ndipo khoswe ndi wochenjera, chinthu chachilendo amachizemba masiku angapo, nde ikani misampha ili ndi nyambo koma yosatchera kwa masiku atatu kapena anayi adye azolowere, kenako tcherani yonse usiku umodzi. Yambiri, osati umodzi. Nyambo yabwino ndi chiponde chopaka kapena kapenta womangirira ndi ulusi kuti asangosolola nkuthawa. Msampha ugunde khoma mbali ya nyamboyo, chifukwa iwo amayenda motsatira khoma, ndipo muuvundikire ndi bokosi kapena kireti yoboola kabowo kuti nkhuku, mphaka kapena mwana asapisepo. Ena amapanga wa chidebe cha malita 20, madzi theka, waya kupingasa pamwamba atabaya chitini chopaka chiponde, ndi kathabwa kokwerera, khoswe akaponda chitini chimazungulira iye phava m'madzi. Umagwira ndithu, koma pakhomo pa ana ang'ono chidebe cha madzi chosavundikira ine ayi. Musasiye msanga poti mwagwira asanu, khoswe wamkazi bere lake ndi masabata atatu okha, amaswa ana sikisi mpaka teni kapena kuposa, ndipo anawo pakatha miyezi itatu nawonso ayamba kuswa.

Wakufayo musamugwire ndi manja, valani pepala lapulasitiki kumanja, kwirirani mozama. Mkodzo wa khoswe umafalitsa matenda a leptospirosis, manyi ake matenda a salmonella, nde modyera ndi momwera tsukani ndi madzi othira Jik pang'ono. Ndipo anyamata okonda mbewa, za kumunda zija ndi ndiwo, palibe akutsutsa, koma chilichonse chogwidwa pafupi ndi nyumba za anthu musaotche, simukudziwa kuti aneba athira chiyani.

Za poizoni ndinene mosabisa. Timapaketi topanda dzina togulitsa pamsewu ndi m'misika, ta timbewu takuda timene kumudzi timati tameki, musalowe nato pakhomo. Ameneyo ndi aldicarb, mankhwala a m'munda oopsa zedi, kachidutswa kochepa kamapha galu, nkhuku, ngakhale mwana. Ngati zafika poti misampha yalephera gulani wa m'sitolo wokhala ndi malangizo papaketi, wa mabuloko, mumange ndi waya mkati mwa paipi kapena bokosi lotseka, kunja kwa khola osati mkati. Ambiri mwa amenewa amaletsa magazi kuundana ndipo khoswe amafa patapita masiku angapo, nde amayenda ali dzandidzandi masana, nkhuku nkumujompha, mphaka kapena kadzidzi nkumudya, poizoni uja wapitirira. Muzizungulira m'mawa uliwonse kutola akufa. Paketi musataye, mwana kapena galu akadya mwangozi thamangani nayo kuchipatala kapena kwa dokotala wa ziweto, mtundu umenewu mankhwala ake ndi vitamin K1 ndipo iwo afuna kuona dzina lake.

Kadzidzi ndamutchula dala. Ndikudziwa zomwe tinakula tikumva akalira padenga, koma kadzidzi woyera nkhope uja chakudya chake ndi makoswe ndi mbewa usiku ndi usiku, ndipo nkhuku zotsekeredwa bwino alibe nazo kanthu, musamugende. Mphaka amathandiza pa mbewa ndi makoswe ang'ono, chikhoswe chachikulu amphaka ambiri amangochiyang'ana. Masana adani a anapiye ndi kabawi ndi akhwangwala, pamwamba pa malo a anapiye yalani neti kapena shade cloth, ndipo thadzi la anapiye lisamayendayenda poyera mpaka anawo atamera nthenga.

Njoka imachuluka kukatentha ndi nthawi ya mvula, kuyambira cha mu October mpaka March. Mukaipeza m'chisa musapise dzanja, musaithire mafuta kapena madzi otentha, tulutsani ana ndi agalu, imani patali muziiona komwe yalowera, itanani odziwa kugwira njoka. Kuno kuli mitundu ina yolavula ululu m'maso kuchokera patali ndithu, zikatero tsukani m'maso ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali kenako kuchipatala. Ikaluma munthu osatema mphini, osayamwa, osamanga chingwe, mutengereni ku Parirenyatwa kapena chipatala chomwe chili pafupi msanga, asamayende yekha ngati pali chomunyamulira. Nsato ndi yotetezedwa ndi lamulo muno mu Zimbabwe, kuipha ndi mlandu, imeneyo dziwitsani a ZimParks, oyang'anira nyama zakutchire. Ndipo chizolowezi chotola mazira mumdima mopapasa chithe, tochi ya pafoni ilipo.

Linthumbu nalo mvula ikagwa limatha kulowa usiku nkumaliza anapiye onse. Mukamva nkhuku zikuphupha pakati pausiku dzukani mukaone, mukapeza mzere wake samutsani anapiye kaye muwaike m'katoni m'nyumba, kenako thirani phulusa lotentha panjira yakeyo ndi kuzungulira khola, nkhuku zazikulu muzibwezere m'mawa likapita.