Kudzutsa ma sprinkler chisanu chikatha: malangizo kwa osamalira kapinga ku Joni

Ku Johannesburg ndi ku Pretoria kapinga wa kikuyu amakhala wouma kuyambira Juni mpaka Ogasiti, ndipo pa nyumba zambiri ma sprinkler amakhala otseka. Kukangoyamba kufunda, abwana amangoti tayatsani madzi. Anzathu ogwira ntchito ya m'gadeni, musathamangire kudina controller, kabokosi kamagetsi komwe kamatsegula ndi kutseka madzi pa nthawi yoikika. M'miyezi itatu ija nyerere zalowa m'mabokosi a mavalavu, udzu wakwirira timipopi, mizu yapana mapaipi, ndipo pena fosholo inadula paipi popanda wodziwa. Ntchito iyi imafuna m'mawa wathunthu.

Yambani madzi ali chitsekere. Fufuzani ka pop-up kalikonse (kampopi kobisala m'kapinga komwe kamadzuka madzi akatsegulidwa), dulani udzu mozungulira ndi mpeni, ndipo zikani kamtengo pambali pake. Timitengo timeneti tikupulumutsani pa nthawi yopala kikuyu ndi kuthira lawn dressing (dothi lomwaza pamwamba pa kapinga), chifukwa makina opalira amathyola mitu ya timipopi, pomwe dothi limatikwirira mpaka kusowa. Kenako vundukulani bokosi la mavalavu mutavala magolovesi, poti akangaude amakonda m'menemo. Fukulani dothi mpaka valavu iliyonse ndi mawaya ake zioneke.

Potsegula madzi ndi pomwe ambiri amawonongera. Paipi yomwe yakhala nthawi yaitali yopanda madzi imadzaza mpweya, ndiye mukatsegula valavu yaikulu kamodzin'kamodzi madzi amathamanga n'kukagunda kumapeto ngati hamala. Zolumikizira zimazuka, timitu timaphulika. Choyamba tsegulani pamanja valavu ya station yakutali kwambiri (station ndi gulu la timipopi toyendera valavu imodzi), popotoza solenoid, kachipangizo ka mawaya ka pamwamba pa valavu, pang'ono chabe kumanzere, kuti mpweya upeze potulukira. Kenako tsegulani valavu yaikulu pang'onong'ono, mwina gawo limodzi la magawo anayi. Mumva kulira kwa mpweya ndi kulavula kwa timipopi. Dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka madzi ayende mosadukiza, ndiye mutsegule yonse.

Mukabweza solenoid ija m'malo mwake, pitani pa mita ya madzi. Mipopi yonse ya m'nyumba ikhale yotseka. Ngati manambala ang'onoang'ono kapena kagudumu ka pa mita kakuyendabe, penapake pakudontha. Tsekani valavu yaikulu ya m'gadeni: mita ikaima, vuto lili ku mbali yanu. Auzeni eni nyumba tsiku lomwelo, bilu isanabwere.

Tsopano yendetsani station imodzi imodzi, mphindi zitatu iliyonse, inuyo mukuyenda nayo ndi kuyang'ana. Kampopi komwe kakutulutsa madzi mopotoka kapena moperewera nthawi zambiri n'kotsekeka. Kokani m'mwamba kapaipi kake kamene kamadzuka, masulani nozzle (kamutu kotulukira madzi), ndipo pansi pake mupeza kasefa koyera kodzaza mchenga. Katsukeni mu ndowa. Musatokose nozzle ndi waya kapena msomali, chifukwa bowo likakula madzi sadzamwazikanso bwino. Pa kampopi komaliza pa mzere, chotsani nozzle ndi kutsegula madzi theka la mphindi kuti matope atuluke. Kumene amagwiritsa ntchito madzi a borehole, tsukaninso sefa yaikulu, poti mchenga umayambira kumeneko.

Pokagula nozzle ina, tengani yakaleyo m'thumba. Pamwamba pake pamalembedwa monga 12H kapena 15Q. Nambala ndi mtunda womwe madzi amafika m'mafiti, moti 15 ndi pafupifupi mamita 4.5, Q ndi ya pakona, H imathirira theka, F imazungulira ponse. Ndipo musasakanize ma spray (omwaza madzi ali chiimire) ndi ma rotor (othira akuzungulira) pa station imodzi. Spray imathira madzi ochuluka katatu kapena kuposa pa nthawi yofanana, ndiye mbali ina pakhala chithaphwi kwina kukupsa.

Madzi akamatuluka ngati nkhungu n'kumauluka ndi mphepo, mphamvu yake yachuluka. Spray imafuna pafupifupi 2 bar, rotor pafupifupi 3 bar. Bwezani pang'ono chopotoza cha pamwamba pa valavu ngati chilipo, apo ayi pafunika pressure regulator, chochepetsera mphamvu ya madzi. Koma timipopi tonse ta station imodzi tikamangosuzumira osadzuka, mwina paipi yaphulika. Fufuzani pomwe pali lowe kapena pomwe udzu wabiriwira wokha. Kumbani mosamala, dulani pobookapo, viikani nsonga za paipi yakuda m'madzi otentha kuti zifewe, lowetsani cholumikizira cha saizi yake, kawirikawiri 20 mm kapena 25 mm, ndi kumanga ndi makalampu. Musakwirire musanayese.

Kampopi ka kumunsi kwenikweni kakamadontha kwa mphindi zochepa mutatseka, ndi madzi otsalira m'paipi chabe. Kakamadontha tsiku lonse, valavu sikutseka. Tsekani madzi, masulani chivundikiro cha valavu, ndipo muona kalabala kozungulira kotchedwa diaphragm. Kamwala kochepa ngati njere ya mapira ndi kokwanira kuiletsa kutseka. Tsukani, onani ngati kalabalako sikanang'ambike, ndipo pobwezera musaiwale kasipuling'i.

Station yomwe ikugwira pamanja koma osayankha ku controller, vuto ndi la magetsi. Ma controller ambiri a m'nyumba, monga a Hunter ndi Rain Bird, amatumiza 24V ku solenoid. Yesani solenoid ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi: yabwino imawerenga pakati pa 20 ndi 60 ohms. Ma station onse akafa pamodzi, kaikirani transformer kapena waya umodzi uja wolumikiza mavalavu onse. Polumikiza mawaya m'bokosi gwiritsani ntchito zolumikizira zosalowa madzi. Tepi wamba amangosunga chinyezi ndipo waya amachita dzimbiri. Sinthaninso batire ya mu controller ndi kukonza tsiku ndi nthawi, chifukwa kuzimazima kwa magetsi kumasokoneza wotchi, mpaka madzi kuyamba kuthira masana dzuwa lili paliwombo.

Zothira masanazi si nkhani yaing'ono. Ku Johannesburg lamulo lakhala likuletsa kuthirira gadeni pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo kuyambira 1 Seputembala mpaka 31 Malichi. Ikani controller iyambe cha m'ma 4 koloko m'bandakucha kuti imalize nthawi isanakwane. Mphepo imakhalanso itagona.

Chotsala ndi kudziwa mphindi zoyenera, ndipo apa musaganizire, yezani. Ikani zitini zisanu ndi chimodzi zopanda kanthu za tuna pa kapinga, yendetsani station mphindi 15, ndi kuyeza madzi a m'chitini chilichonse ndi rula. Chitini chimodzi chikatsalira kwambiri, pamenepo padzauma, sinthani kaloza ka nozzle. Kukatentha kikuyu amafuna pafupifupi 25 mm pa sabata, kuphatikizapo mvula. Ngati mwapeza 8 mm pa mphindi 15, ndiye katatu pa sabata n'kokwanira, ndipo mu Seputembala yambani ndi kawiri. Pa kapinga wa masikweya mita 100, 25 mm ndi malita 2,500. Mvula ya mabingu ikayamba cha mu Okutobala, zimitsani controller masiku omwe yagwa mokwanira, kapena pemphani abwana agule rain sensor, kachipangizo koimitsa madzi mvula ikagwa.