Momwe mungapezere malo oulutsira ndege ya rimoti ku Mangochi ngati mukungoyamba kumene

Ndege ya rimoti ya munthu wophunzira kawirikawiri siiwonongekera m'mwamba. Imathera mu mtengo, pa waya wa magetsi kapena pa mzere wa m'munda, ndipo vuto limakhala litayamba tsiku lomwe mwini wake anasankha malo. Kuno ku Mangochi malo athyathyathya ndi ambiri, kuchokera m'mbali mwa nyanja ya Malombe mpaka msewu wa ku Monkey Bay, koma oyenera wophunzira ndi owerengeka. Ambiri timayeza pansi pokha, pomwe chofunika kuyeza ndi mpata wa m'mwamba momwe ndegeyo idutse pobwera kudzatera.

Gawo 1: Dziwani kaye liwiro la ndege yanu

Tikunena za ndege yophunzirira, ya mapiko a pamwamba otalika mita imodzi mpaka mita 1.4, yopangidwa ndi foam (pulasitiki yopepuka kwambiri), yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ya batire lochajidwa la mtundu wa LiPo lolembedwa kuti 3S 2200mAh. Ndege yotere imayenda mamita 10 mpaka 15 pa sekondi. Bwalo la mpira ndi lotalika mamita 100 kapena kuposera pang'ono, ndiye kuti imalidutsa lonse m'masekondi 7 mpaka 10. Wophunzira masekondi amenewo amatha akuganizabe kuti akhotere kuti.

Choncho bwalo limodzi la mpira lozunguliridwa ndi mitengo ya mango ndi makalasi si lokwanira. Funani malo oyera a mamita 200 mulitali ndi 200 mulifupi, mukapeza 300 ndiye mwachita mwayi. Potera penipeni pangakhale pang'ono, mamita 60 ndi 15 akukwana, bola mozungulira mukhale mopanda chotchinga.

Apa ndichenjezeretu pa za ogulitsa. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mumapezeka anthu otsatsa tindege tooneka ngati ta nkhondo, ta mapiko aafupi, akumati "n'tosavuta, ngakhale mwana akhoza." Timeneto timathamanga kwambiri ndipo timafuna malo aakulu kuwirikiza. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama yonse pa foni katundu musanamuone, musiyeni. Batire lotupa ngati bumunda musalandire ngakhale atakutsitsirani mtengo bwanji.

Gawo 2: Chotsani malo omwe simuyenera kuyandikira

Ku Club Makokola kuli bwalo lomwe ndege zenizeni zimatera, ku Monkey Bay nako kuli bwalo komanso asilikali a pamadzi. Talikirani malo amenewa ndi makilomita osachepera 5. Chimodzimodzi ndende, polisi, chipatala, msika, depoti ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Ku Cape Maclear mbali yaikulu ili m'dera la Lake Malawi National Park, ndipo m'malo osungira zachilengedwe simuulutsa kanthu popanda chilolezo cha oyang'anira. Musakwere kupitirira mamita 120, womwe ndi malire omwe maiko ambiri amatsata, ndipo ndege izioneka ndi maso nthawi zonse. Ngati mwaikapo kamera, funsani kaye a Civil Aviation, omwe amayang'anira za ndege m'dziko muno.

Manda nawo apatseni ulemu. M'midzi yambiri nkhalango yomwe yatsala ndi ya kumanda, ndipo ndege ikakodwa m'menemo simungolowa mwa nokha. M'miyezi ya tchuthi chachikulu, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, funsani komwe kuli ndagala kapena simba, mupite kutali.

Gawo 3: Yambani pa mapu, malizani ndi mapazi

Tsegulani Google Maps pa chithunzi cha setilaiti, muyang'ane mabwalo a sukulu a kunja kwa tauni, madambo ndi malo odyetsera ng'ombe. Muyeze ndi chida choyezera mtunda chomwe chilimo. Sankhani malo atatu kapena anayi, osati amodzi.

Koma chithunzicho chimakhala chakale. Madzi a nyanja anakwera kwambiri mu 2023 ndi 2024, moti malo ena omwe pa mapu akuoneka mchenga lero ndi bango ndi matope. Mawaya a ESCOM saoneka pa chithunzi, ndipo pomwe panali poyera mwina wina anaumbapo njerwa. Kwerani kabaza mukaone nokha, ndege muisiye kunyumba. Mukafika werengani masitepe: sitepe ya munthu wamkulu ndi pafupifupi masentimita 75, ndiye mamita 200 ndi masitepe 270. Mawaya musawafune m'mwamba, funani mapolo, chifukwa waya wowonda pa mamita 100 diso siliuona.

Gawo 4: Njira yotsikira ndi mphepo

Apa ndiye pomwe ndege zambiri zimathera, ndipo mpofunika kufatsa.

Ndege imanyamuka ndi kutera molunjika komwe mphepo ikuchokera. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kuno kumaomba mwera, wochokera kummwera chakummawa, ndipo nyengo ya mvula ikamayandikira mpoto umabwera kuchokera kumpoto. Ndiye kuti malo anu akhale otseguka kumpoto ndi kummwera. Bwalo lotalika kuchokera kummawa kupita kumadzulo, lomwe lili ndi mitengo kumpoto kwake, lidzakukakamizani kutera mphepo ikuomba cham'mbali, zomwe ngakhale odziwa amazivutikira.

Ndege yophunzirira siitsika ngati mwala. Mukachepetsa mota, pa mita iliyonse yomwe yatsika imapita patsogolo mamita 8 kapena 10. Tiyerekeze kuti kumapeto kwa bwalo kuli mlambe wotalika mamita 15. Kuti muudutse bwino muyenera kukhala pa mamita 20, ndipo kuchokera pamenepo ndege ikufuna mamita 160 mpaka 200 isanakhudze pansi. Pa bwalo la mpira ndiye kuti yapitirira golo la tsidya lina isanatere. Wophunzira akaona zimenezi amakankhira mphuno pansi kuti itsike msanga, liwiro limakwera, ndege imanjanja n'kuthyola mawilo. Kapena amakoka kwambiri kuti ichepetse liwiro, mapiko amasiya kugwira mpweya, phiko limodzi limagwa, basi yalasa pansi. Zonsezi vuto si manja, ndi mlambe uja.

Chachiwiri ndi chomwe mtengo umachita ku mphepo. Mphepo ikagunda mtengo, nyumba kapena mzere wa migwalangwa, kuseri kwake imavinduka ngati madzi a Shire kuseri kwa mwala. Kuvindukaku kumafika mtunda wowirikiza kakhumi kutalika kwa chotchingacho. Kalasi yotalika mamita 5 imasokoneza mamita 50, mlambe uja mamita 150. Ndege ikalowa m'menemo imagwedezeka, kenako imangotsika mwadzidzidzi mita imodzi kapena awiri, nthawi yomwe ili kale pafupi ndi nthaka. Choipa chake n'chakuti inu mutaima kuseri kwa mitengoyo mumamva ngati kuli bata, pomwe pamwamba pa nsonga mwera ukukuntha.

Muyese motere. Ng'ambani kansalu kopepuka kotalika theka la mita, mukamange kunsonga kwa nsungwi yaitali. Imani nayo pakati pa bwalo kwa mphindi zisanu, kenako kumapeto konse kuwiri. Kansalu kakaloza mbali imodzi mosasintha, mphepo ndi yoyera. Kakamazungulira, kugwa n'kudzukanso, malowo ali mu mthunzi wa mphepo. Yang'ananinso nsonga za migwalangwa: masamba ake akamawomba m'manja pomwe pansi pali zii, tsiku limenelo musaulutse pamenepo. Wophunzira asapitirire mphepo ya makilomita 15 pa ola, yomwe imagwedeza masamba ndi tinthambi ting'onoting'ono koma osanyamula fumbi.

Chachitatu ndi diso. Pa mamita 150 simungadziwe ngati ndege ili kutsogolo kapena kuseri kwa mtengo, ndipo pafupifupi nthawi zonse imakhala kutali kuposa momwe mukuganizira. Njira yake ndi imodzi: pakati pa ndege ndi nsonga ya mtengo pazioneka thambo nthawi zonse. Ndege ikangoyamba kuoneka pa masamba, kwezani. Kuti diso lizolowere, tumani mnzanu anyamule ndege pamutu ayende nayo mpaka pa mtengo wakutali kwambiri, inu mutaima pomwe mudzaulutsire. Kukula komwe ikuoneka pamenepo mukusunge m'mutu, ndiwo malire anu.

Dzuwa likhale kumsana. M'mawa imani kummawa kwa bwalo kuyang'ana kumadzulo, njira yotera idutse patsogolo panu kuchokera kumanja kupita kumanzere ngati kukuomba mwera. Nthawi yabwino ndi kuyambira 5:30 mpaka 8 koloko. Dzuwa likakwera nthaka imatentha, mphepo ya kunyanja imayamba kulowa kumtunda, ndipo mu Okutobala akamvulumvulu amabadwira pa mabwalo omwewa. Kutentha kopitirira madigiri 35 kumatenthetsanso kwambiri mota ndi batire.

Gawo 5: Pansi pake

Gombe limakopa, koma kwa wophunzira ayi. Mbali imodzi ndi madzi, ina ndi malo ogona alendo, mawato, makoka ndi matandala oyanikapo usipa. Mchenga umalowa mu mota n'kudya mabeyaring'i, ndipo mawilo aang'ono amatitimira ndege n'kugubuduka. M'mbali mwa Shire ndi Malombe muli ng'ona ndi mvuu, ndiye ikagwera m'bango iwerengeni kuti yapita, musatume mwana kuti akaitole. Nkhwazi nazo zimalondola chouluka chilichonse chofika pafupi ndi chisa chake.

Dambo louma ndi labwino kuyambira Julayi mpaka mvula isanagwe, ngakhale makande amang'ambika ndipo ziboda za ng'ombe zimasiya maenje olimba ngati simenti. Pamenepo chotsani mawilo, muziponya ndege ndi dzanja n'kumatera ndi mimba, pansi pake mutamata tepi yomangira makatoni. Tepi imeneyi ndi yotsika mtengo ndipo imapulumutsa foam kwambiri. Munda wokololedwa uli ndi mizere ndi zitsa za chimanga. Ngati palibe kwina, terani motsata mizere, osaidula. Yendani njira yonse yotera, muchotse miyala ndi minga, muone pomwe pali zulu.

Udzu wouma muuope. Batire la LiPo likabooka pa ngozi limatha kuyaka lokha, ndipo moto wa mu Seputembala suchedwa kufika pa denga la udzu. Pakati pa inu ndi nyumba yoyandikira pakhale mamita 150, ndipo mutenge kachidebe ka mchenga. Mabatire amenewa ndi ovutanso kuitanitsa chifukwa makampani ambiri a ndege amawaletsa kapena kuwaikira malamulo okhwima, ndipo chigwere kwacha mu Novembala 2023 chilichonse cha kunja chinakwera. Mapulopela gulani anayi kapena asanu nthawi imodzi, odula pa katundu wotere ndi mayendedwe.

Gawo 6: Pemphani

Malo aliwonse ali ndi mwini. Bwalo la sukulu, onanani ndi ahedi, ndipo mupemphe Loweruka m'mawa kapena nthawi ya tchuthi, poganiziranso a timu ya mpira. Dambo kapena malo a m'mudzi, pitani kwa amfumu ndi munthu wa m'mudzi momwemo, makamaka wodziwa Chiyao. Ndege muitenge, aigwire, aone kupepuka kwake. Mukapereka moni munene mwachidule: "Mfumu, ndabwera kudzapempha malo ku dambo kuja kuti ndiziphunzirira kandege aka m'mawa. N'ka batire, kalibe kamera, ndipo kumudzi kuno sikafika. Kakawononga kanthu ndidzalipira."

Gawo limeneli musalidumphe. Nkhani za ndege za ufiti anthu amazikhulupirira, ndipo chinthu cha mapiko chikagwa pakhomo pa munthu m'bandakucha popanda womudziwitsa, mlandu wake umakula msanga. Kudziwitsa a polisi ya m'dera kumathandizanso. Lachisanu masana pafupi ndi mzikiti ndi Lamulungu m'mawa pafupi ndi tchalitchi, siyani.

Gawo 7: Tsiku loyamba

Ana adzabwera, ndipo adzabwera ambiri. Jambulani mzere pansi mamita 10 kumbuyo kwanu, musankhe wamkulu mmodzi aziwayang'anira. Pulopela imadula chala, wina asagwire ndege batire lisanazulidwe. Mbuzi ndi njinga zodutsa, mnzanu ndiye azikuuzani, inu maso pa ndege.

Yatsani rimoti kaye, kenako lumikizani batire. Yesani mphamvu ya rimoti pa masitepe 30 monga bukhu lake likunenera, ya 2.4GHz siivuta, koma musaime pansi pa nsanja ya netiweki. Onetsetsani kuti mota ikuzima yokha rimoti ikazimitsidwa. Ikani alamu ya mphindi 6 kuti mutsale ndi mphamvu yobwereza kutera kawiri kapena katatu. Ulendo woyambawo muuthere poyeserera njira yotsikira muli m'mwamba, kutsika pang'ono ulendo uliwonse. Nambala yanu ya foni ilembedwe pansi pa phiko.