Musanalembe a valet pa ukwati wanu ku America, funsani kuti ya anyamata ikupita kwa ndani

Ndinali tcheyamani wa komiti ya ukwati wa mwana wa mchemwali wanga kuno ku Maryland, ndipo mpaka lero ndikakumbukira nkhope ya mnyamata amene anandibwezera makiyi usiku umenewo, manyazi amandigwirabe.

Kwa inu amene mwangofika kumene: valet ndi anyamata oima pakhomo pa holo. Mukatsika amatenga galimoto yanu kukaimika, n'kukupatsani kapepala ka nambala. Potuluka mumabweza kapepalako, iwo n'kuthamanga kukaitenga, inu n'kuwapatsa kangachepe pamanja, madola awiri mpaka asanu. Ngati eni ukwati analipiriratu, amaika chikwangwani pakhomo kuti alendo asavutike. Mwambo wake ndi womwewo basi.

Holo yathu inali ndi malo ochepa oimikapo magalimoto, ndiye mayi woyang'anira malowo anati palibe kuchitira mwina, tilembe kampani ya valet imene iwo amagwira nayo ntchito. Kontirakiti inabwera: anyamata anayi, maola asanu, kenako mzere wina pansi wakuti service charge, 20 pa 100 alionse. Ndinaimba foni n'kufunsa ngati imeneyi ndi tipi ya anyamata. Mayi aja anayankha mokoma kuti zonse za ogwira ntchito zili momwemo, ndisade nkhawa. Ine, munthu wamkulu ndi imvi zanga, ndinakhulupirira mawu a pafoni. Ndinasaina, n'kukasindikizitsa chikwangwani chokongola chouza alendo kuti asapereke kalikonse, banja lalipira kale.

Ukwati wa Chimalawi mukuudziwa. Perekaniperekani anayamba dzuwa lilipo. Anaitanidwa akuchikazi, akuchimuna, amayi amvano, akuntchito kwa mkwati, anzake a mkwatibwi amene anachokera ku Indiana ndi ku Texas, aliyense kufuna nyimbo yake. Kunja kunali mvula yozizira ya mu Novembala. Ndinatuluka cha kumapeto, mnyamata wina atanyowa mpaka masokosi, jekete ikudontha. Anandipatsa makiyi, n'kuloza chikwangwani changa chija. Mwaulemu ndithu, osakweza mawu, anati, "Bwana, pepani, ndalama mwalemba apayi sitinaione, ndipo sitimaiona."

Ndinapisa m'thumba, munalibe ngakhale dola imodzi. Zonse ndinali nditaponya m'lichero. Ndinabwerera m'holo kukapempha kwa akashiya, anthu akuyang'ana, tcheyamani akubwereka ndalama ya akwati asanaiwerenge n'komwe.

Lolemba ndinaimbira mayi a kuholo. Anati imeneyo ndi nkhani ya kampani ya valet. Kukampani anati ndilankhule ndi a kuholo chifukwa kontirakiti inadutsa kwa iwo. Masabata atatu akundiponya uku ndi uku ngati mpira. Pomaliza bambo wina wa mu ofesi anandilembera kuti service charge ndi ya inshuwalansi ndi zoyendetsera ofesi, ndipo palibe pamene analemba kuti ndi ya anyamata. Ndinawerenganso kontirakiti katatu. Sananame. Mayi aja atafunsidwa anati sakukumbukira kuti tinakambirana zotero. Pamwamba pa zonsezi ananditumiziranso bilu ya maola awiri owonjezera, chifukwa tinatuluka mochedwa. Ndinalipira mtima ukuwawa.

Chimene ndinadziwa mochedwa n'chakuti malamulo a kuno amasiyanitsa zinthu ziwirizi. A IRS, bungwe la misonkho la kuno ku America, amati ndalama imene kampani yakuikirani yokha pa bilu si tipi, ndi ndalama ya kampani, ingagawe kapena ayi. Tipi ndi imene mwapereka mwa kufuna kwanu, ndipo kuyambira 2018 lamulo limaletsa bwana kapena manijala kudya imeneyo. Komanso dziwani kuti boma lalikulu limalola kulipira munthu wodalira matipi madola 2.13 pa ola, chiwerengero chimene sichinasinthe kuyambira 1991, bola pamodzi ndi matipi zikwane madola 7.25 pa ola. Kuno ku Maryland poyambira pake ndi 3.63. Zigawo zina monga California sizilola zimenezi. Sindikuti aliyense wa valet amalandira zochepa choncho, koma mukamamumana musaganize kuti mukumana bwana wake.

Tsono abale anga, mverani. Funsani pa imelo, osati pafoni: kodi gratuity (ndiye tipiyo) ilimo, ndi zingati, ipita kwa ndani? Akayamba kuzungulira, dziwani kuti mulibe. Ine maganizo anga ndi akuti ngakhale atalumbira, musadutsitse ndalama ya anyamata mu ofesi. Werengani magalimoto amene mukuyembekezera, ikani madola awiri kapena atatu pa galimoto iliyonse mu envelopu, mukapereke nokha kwa wamkulu wawo anzake onse akuona. Onse akuona, ndabwereza dala. Mukatero ndiye muike chikwangwani.

Ndipo envelopuyo isasungidwe ndi tcheyamani. Tcheyamani amaitanidwa uku ndi uku, amaiwala, kapena MC akamutchula dzina amatsegula envelopu n'kuvina nayo. Patsani azakhali amodzi osagwedezeka.

Za nthawi musadzinamize. Ngati pulogalamu ikuti titseka 10 koloko, lembani a valet mpaka 12. Mtengo wa maola owonjezera umapweteka kuposa wogwirizana pachiyambi, ndipo palibe ukwati wathu umene ndinauona ukutha pa nthawi yake.

Inu alendo, inunso muli ndi mlandu. Mumapita kubanki kukasintha madola 100 kukhala imodziimodzi kuti muoneke pabwalo, koma simungasiye zitatu m'galimoto? Ndaona achimwene ena akuponya ndalama mpaka thukuta, potuluka n'kungoti "zikomo kwambiri" ndi kumwetulira. Zikomo sagula petulo. Ngati pakhomo palibe chikwangwani, perekani. Ngati munabwera ndi galimoto yodzadza mipando ya ana ndi mapoto a nsima, iwo n'kukuthandizani kunyamula, onjezani. Musafunse chenji cha madola 20 pamvula anthu ali pamzere kumbuyo kwanu.

A ku Britain, kwanuko n'kosiyana: valet pa ukwati sapezekapezeka, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala 2024 lamulo limakakamiza mabwana kupereka matipi ndi service charge yonse kwa antchito. A ku Joni, aja ovala mabibu owala pamalo oimika magalimoto ndi olondera chabe. Apatseni ya chitsulo kapena R10, koma makiyi ayi.

China chimene chinatsala pang'ono kutigwetsa: chikwama cha ndalama za perekani chisalowe m'buti ya galimoto imene makiyi ake ali kwa a valet. Mlamu wanga anachita zimenezi pakati pa mwambo, ndipo chinakhala mmenemo ola lathunthu, makiyi ali pabolodi panja. Sichinasowe, anyamata aja anali okhulupirika, koma kumbuyo kwa kapepala kaja amalemba kuti katundu wosiyidwa m'galimoto si mlandu wawo. Patsani kiyi wa galimoto yekha, a kunyumba chotsani. Galimoto ikabwera izungulireni ndi tochi ya foni musanakwere. Mukapeza pokalika, jambulani pomwepo ndipo muitane wamkulu wawo alembe. Mukangotuluka pageti adzati munakalitsa nokha kunjira.