Zobwereka matayala tsiku la COF zilekeke mvula isanakhazikike

Chizimalupsa chitangodutsa, sabata ziwiri zisanathe, ndinali nditaona kale magalimoto atatu a alimi athu atapatuka okha mumsewu, osawombana ndi wina aliyense. Ina inali m'ngalande, ina inakaima pachitsa, yachitatu inali chagada, matumba a feteleza atamwazika mpaka m'munda mwa eni ake. Onse atatu pagalasi lakutsogolo panali disiki yatsopano ya COF (Certificate of Fitness), chiphaso chosonyeza kuti galimoto yayesedwa ndipo ndi yoyenera kuyenda pamsewu, disiki ina yosatha ndi mwezi womwe. Koma nditagwada kusuzumira kunsi, matayala anali osalala ngati dazi. Pa limodzi mawaya anali atatulukira kale kunja, mpaka anandibaya chala pamene ndimasisita.

Galimoto ya matayala otero inapambana bwanji kokayesa? Musandifunse ngati simukudziwa. Tonse tikudziwa. Madzulo a tsiku loti mawa ndi COF, mwini galimoto amapita kwa mnzake kapena kwa mnyamata wokonza matayala pamsika, nabwereka matayala anayi a mizere yooneka bwino. M'mawa galimoto yavala za eni ngati mkwati wobwereka suti. Ikangotuluka pa geti la koyesera, masana omwewo jeke pansi, matayala abwerera kwawo, ndipo madazi aja abwerera pa malimu. Ena afika pochita lendi, amalipira pa tsiku. Ena amabwereka ndi ma triangle omwe, chozimitsira moto, ngakhale sipeya. Chaka chino ndiye zanyanya, poti mitengo ya matayala m'masitolo yakwera ndipo ndalama zonse zapita ku feteleza ndi mbewu. Ndikumva, inenso ndimagula m'masitolo omwewo. Koma chinyengo chimenechi chilibe amene chikumupusitsa kupatula mwini wake.

Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act ya 1997, silinaike kuyesa galimoto kuti boma lingopeza pokudyerani. Nthambi ya Road Traffic, imene dzina lake lonse ndi Directorate of Road Traffic and Safety Services, imafuna galimoto ya munthu payekha iyesedwe kamodzi pachaka, ndipo zonyamula anthu ngati minibasi pa miyezi 6 iliyonse. Woyesa amaona galimoto tsiku limodzi lokha, mphindi zochepa chabe. Masiku ena onsewo amene amaiona ndi inu, mkazi wanu amene wakhala pampando wakutsogolo, ndi anyamata okweza katundu amene akhala pamwamba pa matumba kumbuyo. Disiki ija imangonena kuti pa tsiku lakuti galimotoyi inali bwino. Mukasintha matayala, galimoto imene inayesedwa ija kulibenso, mukuyendetsa ina.

Pali china chimene obwerekawa saganizira. Kumalo oyesera kumene kuli makina, galimoto imakwezedwa pa zitsulo zozungulira ndipo woyesa amaponda buleki kuti makina awerenge mphamvu ya gudumu lililonse. Mphamvu imeneyo imadutsa pa tayala. Buleki imagwira gudumu, koma chogwira msewu ndi mphira. Ndiye makina akati mabuleki ali bwino, akunena za mabuleki anu ophatikiza ndi matayala a mnansi wanu. Pa madazi anu aja palibe amene wayesa chilichonse.

Tambasulani dzanja lanu muone chikhatho. Pa galimoto yaing'ono, malo amene tayala limodzi limakhudza msewu ndi aakulu pafupifupi chomwecho. Zikhatho zinayi ndizo zanyamula Probox yanu, inu, ndi matumba amene mwapanikiza mpaka kudenga. Mizere ya pa tayala si yokongoletsa. Ndi ngalande, ngati zimene timakumba m'mphepete mwa dimba kuti madzi asadikhe. Tayala likaponda madzi, madziwo amathawira m'mizeremo n'kutulukira m'mbali, mphira n'kufika pa tara. Mizere ikatha madzi alibe kothawira, amalowa pakati pa tayala ndi msewu, ndipo galimoto imayandama. Mukhotetse chiwongolero, siimva. Muponde buleki, ndiye mwaiuza kuti izungulire. M'chilimwe chonse munayenda ndi matayala omwewo osaona vuto, n'chifukwa chake mumalimba mtima, poti pa tara youma tayala losalala limagwirabe. Mvula yoyamba ndiyo yoipa kuposa zonse. Fumbi, oyilo ndi dizilo zimene zakhala zikudonthera pamsewu kuyambira mwezi wa Meyi zimasungunuka n'kukhala ngati thelere.

Opanga matayala anatithandiza kale, kungoti sitiyang'ana. M'kati mwa mizere ikuluikulu muli timizere topingasa, totukuka pang'ono, totalika mamilimita 1.6 kuchokera pansi pa ngalandeyo. Tayala likadyeka mpaka pamwamba pake n'kulingana ndi timizereto, latha. Sipafunika makaniko, chala chanu n'chokwanira. Ine m'nyengo ya mvula sindidikira n'komwe kuti lifike pamenepo.

Mlimi wina wa mbatatesi wa kumtunda kwa Ntcheu, munthu wolimbikira amene ndakhala ndikugwira naye ntchito zaka zingapo, anandipeza pamsika tsiku lina dzanja lili pa bandeji. Ali ndi kalole ka matani awiri kamene anagula atagulitsa mbatatesi za zaka zitatu. Ndinamufunsa kuti, "Bambo, dzanjali mwatani?" Anayamba waseka, kuseka kwa manyazi kuja.

"Alangizi, musandikalipire. Matayala akumbuyo ndinangobwereka kwa alamu anga tsiku la COF. Ndimati ndikagulitsa ulendo umodzi wokha ku Blantyre ndikagula anga."

Ulendo umodziwo sunafike. Ananyamuka m'bandakucha atakweza matumba mpaka pamwamba pa mabodi, kamvula kakuwaza. Potsetsereka pa M1, asanafike ndi pa Zalewa pomwe, njinga ya kabaza inatulukira kutsogolo. Anaponda buleki, kumbuyo kwa lole kunabwera kutsogolo, basi onse m'ngalande. Mwamwayi wakabaza anapulumuka, ndipo mnyamata wokweza katundu anangosupuka. Koma mbatatesi zinabalalika msewu wonse, ndipo mukudziwa mmene anthu amathandizira kutola katundu wa pangozi. Zimene anapulumutsa anagulitsa pomwepo pamtengo wotaya kwa mavenda amene anaona kuti munthuyu alibe pothawira. Analipira yokoka galimoto. Chitsulo cha kutsogolo chinapindika, galasi linasweka pamodzi ndi disiki yake yatsopano ija. Ndinamufunsa kuti alamu akewo anati chiyani. "Akuti mwamwayi ndinali nditabweza kale matayala awo." Apo tinaseka tonse, ngakhale panalibe choseketsa. Mpaka pano lole ili pa mawe kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, ndipo feteleza wa chaka chino wanyamulira pa ngolo yobwereka.

Tawerengerani nokha. Munalipira lendi ya matayala. Munalipira womasula ndi kumanga kawiri. Munalipira COF. Mwina munapatsanso dobadoba wina kuti akuyendetsereni mapepala, chinthu choti mukanachita nokha. Ndalama zonsezo zikanakhala poyambira kugula tayala limodzi labwino, ndipo pamapeto pake matayala mudzagulabe, pamtengo wokwera kuposa wa lero. Pa rodibuloko wapolisi wa pamsewu wodziwa ntchito sathera pa disiki, amazungulira galimoto n'kuyang'ana pansi. Akapeza dazi, chindapusa chilipo ndithu ngakhale COF ikhale ya dzulo, ndipo tomato wanu akupsa ndi dzuwa pamene inu mukuchonderera. A inshulansi nawo si ana. Ngozi ikachitika amatumiza munthu wawo kudzaona galimoto, ndipo akapeza kuti inali yosayenera kuyenda pamsewu akhoza kukana kukukonzerani. Koma zonsezi ndi ndalama, zimapezekanso. Amene amandidetsa nkhawa ndi amayi aja mumawanyamula matola pobwera kumsika, atakhala pa madengu, ana ali kumsana. Iwo akaona disiki pagalasi amakhulupirira kuti galimotoyi inaonedwa ndi odziwa.

Ena akandimva ndikulankhula chonchi amati, "Chabwino alangizi, tikagula a kaunjika." Apanso ndiye pali nkhani. Si tayala lililonse la kaunjika limene lili loipa, koma ambiri mumagula ndi maso a mizere basi. Mphira amakalamba ngakhale tayala lisanayendepo. M'mbali mwa tayala muli malemba oyamba ndi DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2316, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Opanga matayala akuluakulu amalangiza kuti likadutsa zaka 5 liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale mizere ikhale yakuya bwanji. Pindani khosi muone m'mbali ndi m'kati mwa mizere. Mukaona timing'alu ngati chidendene cha m'chilimwe, lisiyeni pomwepo. Chotupa cha m'mbali ndiye musachite kufunsa, ulusi wa m'kati unaduka kale, latsala ndi kuphulika.

Magalimoto ambiri amene tikugula ndi ochokera ku Japan, olowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo ena amafika atavala matayala a m'nyengo ya chisanu ya kwawoko. Mudzawazindikira ndi timizere tambirimbiri tokhotakhota, ndipo ambiri amalembedwa STUDLESS m'mbali. Amaoneka okongola, mizere yakuya, ndipo ndi amene anthu amakonda kubwerekana tsiku la COF. Koma mphira wake ndi wofewa, anapangira madzi oundana, osati tara ya ku Chikwawa mwezi wa Novembala. Amadyeka msanga, ndipo pa msewu wotentha kapena wonyowa galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime. Nanga aja odula mizere yatsopano ndi chitsulo chamoto pa tayala lakutha la galimoto yaing'ono? Amenewo ndisawayambe n'komwe. Akusema mphira wotsala amene amaphimba mawaya. Matayala ololedwa kudulidwanso ndi ena a malole akuluakulu, ndipo amachita kulembedwa m'mbali.

Chinanso chimene ndatopa nacho kunena m'misonkhano ya makalabu: tayala la galimoto yonyamula anthu asanu si la pikapu. Thumba la feteleza ndi makilogalamu 50, matumba 20 ndi tani yathunthu. Matayala onyamula katundu amakhala ndi chilembo C kapena LT pafupi ndi saizi yake, ndipo nthiti zake n'zolimba. Pa Hiace mudzaona 195/80R15 107/105, ndipo 107 ameneyo akutanthauza kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 975, osapitirira. Mukaika lofewa chifukwa ndi lotsika mtengo, limatentha m'kati ndi kulemera, makamaka mpweya ukachepa, kenako phuu, pakati pa ulendo. Chakudza sichiimba ng'oma, koma tayala lokha limayamba lachenjeza, ife ndi amene sitimva.

Zoti muchite sizambiri, ndipo zambiri mukuzidziwa kale. Tsiku lothera COF lalembedwa pa disiki, liwerengeni lero, osati wapolisi akuwerengereni. Kukatsala miyezi iwiri yambani kugula matayala, awiriawiri ngati anayi simungathe, ndipo awiri a pa ekisilo imodzi akhale ofanana saizi ndi mtundu. A m'makalabu ndi m'mabanki a m'mudzi, ikani matayala pa bajeti ya ulimi pamodzi ndi mbewu, pakuti zokolola sizidziyendera zokha kumsika. Ngati tayala likudyeka mbali imodzi, kapimitseni alaimenti musanamange latsopano, apo ayi nalonso lidyeka chimodzimodzi. Tsiku loti mawa ndi COF imikani mwana kumbuyo akuuzeni ngati magetsi a buleki, ma indiketa ndi a rivesi akuyaka, yesani hutala, ma waipa, malamba ndi handibuleki, onani ngati pansi sipakudontha oyilo. Tsukani galimoto ndi kunsi komwe, woyesa amalowa m'dzenje ndipo sangaone chitsulo chokutidwa ndi matope a kudimba. Tengani khadi lanu la Road Traffic, mapepala a galimoto ndi inshulansi yosatha, poti zonse tsopano zimayendera mu kompyuta ya nthambi ya Road Traffic yotchedwa MalTIS. Pitani nokha m'mamawa, galimoto ili yopanda katundu, lipirani pamalo ovomerezeka ndipo sungani lisiti. Akakubwezani, funsani chimene chalephera, kakonzeni chomwecho mubwerenso. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, ndi sipeya yomwe.