Masheya a kampani yofufuza mafuta akakwera: zoti muone musanaikepo ndalama

Alimi a tiyi akalandira bonasi, kapena banki m'khonde ikagawa ndalama kumapeto kwa chaka, anthu ena ku Luchenza, ku Bvumbwe ndi ku Chitakale amayamba kufunsa za masheya a makampani ofufuza mafuta amene amva kuti akukwera. Funsolo ndi labwino, koma kampani yotereyi siyesedwa monga mmene timayesera Illovo kapena National Bank. Kampani yofufuza sigulitsa kanthu ndipo sigawa phindu. Chimene mukugula ndi chiyembekezo choti chitsime chimene ikufuna kukumba chidzatulutsa mafuta.

Yambani ndi kumene masheyawo akugulitsidwa. Pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre palibe kampani yofufuza mafuta ngakhale imodzi. Makampani ang'onoang'ono otere amapezeka kwambiri pa misika ya masheya ya AIM ku London, ASX ku Australia ndi TSX Venture ku Canada. Kuti mugule kumeneko mufunika ndalama zakunja, ndipo kuzitulutsa m'dziko muno kumadzera ku banki yanu potsatira malamulo a Reserve Bank of Malawi. Munthu wokuuzani kuti mungomutumizira ndalama pafoni, iye akakugulirani, musamupatse ngakhale tambala. Masheya enieni amagulidwa kudzera kwa stockbroker wovomerezeka, munthu kapena kampani yogulira ndi kugulitsira anthu masheya, ndipo mumalandira chikalata chosonyeza kuchuluka kwake ndi mtengo umene mwagulira.

Tsopano tsegulani zikalata za kampaniyo, makamaka lipoti la akatswiri oima paokha lotchedwa Competent Person's Report, muone mawu amene ali pambali pa nambala ya migolo. Apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Mukaona prospective resources, dziwani kuti palibe amene wakumba. Akungoyerekeza kuchokera ku kafukufuku wa seismic, woona matanthwe a pansi pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso. Contingent resources ndi mafuta amene apezekadi koma pali chotchinga, mwina kusowa kwa paipi, kwa ndalama kapena kwa chilolezo cha boma. Reserves okha ndiwo mafuta oti angapopedwe n'kugulitsidwa mwaphindu, ndipo nambala yodalirika ndi ya 1P (mafuta otsimikizika) kapena 2P (otsimikizikawo kuphatikizapo amene akuoneka kuti angapopedwe). Samalaninso ndi mawu akuti oil in place: amatanthauza mafuta onse ali m'thanthwe, pomwe otheka kuwatulutsa nthawi zambiri safika ngakhale theka. Ife a kuno tiyenera kumvetsa msanga, pakuti bauxite wa pa Lichenya m'phiri la Mulanje anadziwika kuyambira zaka za m'ma 1920, koma mpaka lero palibe mgodi.

Kenako tengani cholembera muwerengere nokha. Tiyerekeze kuti kampani ikunena za migolo 200 miliyoni, mgolo uliwonse malita 159. Gawo lake m'laisensi yofufuzira mafutawo ndi 25 peresenti, kutanthauza migolo 50 miliyoni. Lipoti likuti mwayi wopeza mafuta ndi 20 peresenti, choncho patsala migolo 10 miliyoni. Mgolo umene udakali pansi sufanana mtengo ndi wa pamsika, chifukwa pamafunika kuchotsa ndalama zokumbira, misonkho, gawo la boma ndi zaka zodikira. Tiyeni tiike madola 3 pa mgolo. Zikukwana madola 30 miliyoni. Tsopano chulukitsani masheya onse a kampaniyo ndi mtengo wa lero. Ngati alipo 1 biliyoni ndipo iliyonse ili pa masenti 6, msika waiika kampaniyo pa madola 60 miliyoni, kawiri kuposa zimene mwapeza. Apo ndiye kuti mwabwera mochedwa. Kutchipa kwa sheya imodzi kusakunyengeni. Chofunika ndi mtengo wa kampani yonse.

Ndalama zimene zili m'thumba la kampani ndi nkhani ina yaikulu. Chitsime chimodzi cha m'nyanja yakuya chimadya madola mamiliyoni makumi angapo, nthawi zina kupitirira 100 miliyoni. Onani ndalama zotsala m'lipoti lomaliza, mugawe ndi zimene amawononga pa miyezi itatu. Makampani ofufuza a pa ASX amalengeza zimenezi miyezi itatu iliyonse. Ndalamazo zikakhala zosakwanira chaka, yembekezerani chimodzi mwa ziwiri. Angathe kugulitsako gawo la laisensi kwa kampani yaikulu imene ilipire chitsimecho, zimene amazitcha farm-out, ndipo kwa ife ichi ndi chizindikiro chabwino chifukwa akatswiri a kampani ina aona zonse n'kuvomera kuikapo zawo. Apo ayi atulutsa masheya atsopano pamtengo wotsikirapo. Pa masheya 1 biliyoni aja akawonjezerapo 500 miliyoni, gawo lanu m'kampani latsika ndi limodzi mwa magawo atatu musanagulitse ngakhale imodzi. Nthawi imene mabwana a kampani amakonda kuchita zimenezi ndi pomwe mtengo wangokwera kumene.

N'zoona kuti ena amalemera nazo. Kampani ya Cove Energy inali ndi 8.5 peresenti yokha m'dera la Rovuma kumpoto kwa Mozambique, kumene kampani ya Anadarko inapeza gasi mu 2010, ndipo mu 2012 kampani ya PTTEP ya ku Thailand inagula Cove Energy ndi mapaundi pafupifupi 1.2 biliyoni. Koma onaninso mbali inayo. Ku Uganda mafuta anapezeka ku nyanja ya Albert mu 2006, koma panapita zaka zoposa 15 asanayambe kumanga paipi ya makilomita 1,443 yopita ku doko la Tanga ku Tanzania. Tullow Oil, imene inali itayamba kale kupopa mafuta ku Ghana, masheya ake anagwa ndi pafupifupi 70 peresenti tsiku limodzi mu Disembala 2019 italengeza kuti itulutsa ochepa kuposa amene inalonjeza. Mtengo wa mafuta padziko lonse nawo suli m'manja mwa kampani: unali pamwamba pa madola 100 pakati pa 2014, pofika Januwale 2016 unali pansi pa 30. Ngakhale kuno kwathu, boma linapereka laisensi kwa kampani ya Surestream mu 2011 yofufuza m'nyanja ya Malawi, mkangano wa malire ndi Tanzania unabukanso, ndipo palibe mgolo umene unatuluka.

Mukatsimikiza kugula, ikani ndalama zokhazo zoti zitatayika zonse, fizi ya ana ndi feteleza sizingasokonekere. Za ngongole ya ku SACCO, za gulu kapena za katapila zisayandikire kumeneku. Funsaninso stockbroker wanu kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, chifukwa pa makampani ang'onoang'ono mpatawo umakhala waukulu ndipo mumayamba ndi kuluza.

Lembani tsiku limene akuyembekezera kuyamba kukumba ndi tsiku la zotsatira. Kawirikawiri mtengo umakwera chitsime chisanafike pansi, ndiye ukawirikiza kawiri, gulitsani theka kuti ndalama zanu zibwerere, zotsalazo zidikire zotsatira. Chilengezo chikatuluka, mawu akuti oil shows asakusangalatseni, chifukwa amangosonyeza kuti m'thanthwe muli zizindikiro za mafuta. Fufuzani ngati achita flow test, kuyesa kutulutsa mafuta m'chitsimecho, ndi migolo ingati patsiku imene yatuluka, kwa maola angati.