Kusainira ofuna kupikisana pa chisankho nthawi ya Covid-19 ku Massachusetts

Funso ndi lakuti: ovota ankawasainira bwanji ofuna kupikisana pa chisankho, pomwe kuyenda khomo ndi khomo kunali koopsa? Pa 17 Epulo 2020, khoti lalikulu la Massachusetts, limodzi mwa madera a dziko la America, linadula pakati chiwerengero cha masiginecha a ovota ofunika kuti munthu apikisane pa chisankho cha chipulula cha pa 1 Sepitembala, n'kulolanso kusaina pa kompyuta.

1. Wopikisana ankaika fomu yake pa intaneti, wovota n'kuikopera.
2. Wovota ankasaina ndi mausi kapena kacholembera ka pa sikirini. Wosazolowera ankangosindikiza, kusaina ndi bolopeni, n'kuijambula.
3. Wovotayo ankaibweza kwa wopikisanayo pa intaneti pomwepo.
4. Wopikisanayo ankasindikizabe mafomu onse (inde, mapepala sanathe!) n'kuwapereka kwa akuluakulu a zisankho a m'tauni ya wovotayo kuti atsimikize kuti ali m'kaundula.