Kuweta rainbow boa kuno ku Lilongwe: zoyenera kudziwa musanatulutse ndalama

Achinyamata angapo mtauni muno ayamba kufunsa za njoka yomwe amaiona pa YouTube ndi TikTok, yofiirira yamadontho akuda, ikalowa padzuwa khungu lake limaonetsa mitundu ya utawaleza. Imeneyo ndi rainbow boa, kwawo ndi ku South America, makamaka nkhalango za Amazon ku Brazil ndi maiko oyandikana nawo. Ilibe ululu, imapha chakudya chake pochikulunga ngati momwe imachitira nsato yathuyi, koma siikula kufika pa nsato ayi, yaikulu imathera pa mita imodzi ndi theka kapena kuyandikira mamita awiri. Kunyezimira kuja si mafuta kapena penti, mamba ake ali ndi timizere ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso tomwe timagawa kuwala. Funso nlakuti kodi ingakhale njoka yanu yoyamba? Ine ndimati ingathe, koma vuto lake si ukali, vuto ndi nyengo ya Lilongwe, ndiye tiyeni tikambirane bwinobwino.

Tiyambe ndi mapepala chifukwa apa mpomwe munthu angakalowe mchitokosi. Njoka zonse za mtundu wa boa zili pa mndandanda wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, ndipo Malawi ili mu panganoli. Kutanthauza kuti yochokera kunja imafunika pemiti ya dziko lomwe ikuchokera, ndipo kuno mukayambe mwapita ku Department of National Parks and Wildlife kukafunsa zofunika musanalipire aliyense, komanso a zaumoyo wa ziweto amafuna chilolezo chawo nyama yamoyo ikamalowa mdziko. Zoti mnzanu wa ku Joni akubweretserani mchikwama pa basi nkudutsa nayo pa Dedza kapena Mwanza mwakachetechete, zisiyeni. Lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017 ndipo milandu ina chilango chake chimafika zaka 30. Ndipo musati poti boa yavuta ndikagwire kansato kutchire, nsato ndi yotetezedwa, kuisunga popanda chilolezo ndi mlandu. Gulani yobadwira kwa oweta, yomwe yayamba kale kudya bwino, ndipo wogulitsa akuuzeni tsiku lomwe inadya komaliza.

Tsopano nkhani yeniyeni, chinyezi ndi kutentha. Njokayi imafuna mpweya wachinyezi pafupifupi 70 mpaka 80 peresenti, kamwana kake kamafuna kuposa pamenepo, cha mma 90, chifukwa kamauma thupi msanga ndipo masiku ochepa chabe ouma katha kufa. Nanga ife kuno kuyambira May mpaka October mvula kulibe, milomo imachita kung'ambika, fumbi lokhalokha, ndiye mpweya wa mchipinda mwanu siwokwanira mpang'ono pomwe. Nchifukwa chake thanki ya galasi ya nsomba yokhala ndi waya pamwamba siithandiza, chinyezi chonse chimathawira pa waya paja. Kamwana kayikeni mu kontena ya pulasitiki ya chivundikiro chotseka bwino, muboole timabowo tochepa mmbali. Ikakula ifunika bokosi la pafupifupi masentimita 120 mulitali, 60 mulifupi ndi 60 kutalika, la pulasitiki kapena la matabwa opakidwa vanishi osalowa madzi. Loko ikhalepo, njoka imakankha chivundikiro ndi mphuno usiku wonse mpaka ipeze potulukira.

Pansi pa bokosi ikani makoko a kokonati ophwanya kapena ndere yomwe amati sphagnum moss, zimasunga madzi. Utuchi wa paini wa kwa akalipentala, ngakhale uli waulere, ayi, mafuta ake amavulaza mapapo a njoka. Muzinyowetsa koma osachita chithaphwi, mukafinya mmanja pasatuluke madzi ochucha. Ikamagona pamadzi nthawi zonse mamba a kumimba amawola, amayamba kuoneka ofiira kapena a bulauni ngati apsa. Beseni la madzi likhale lalikulu loti ilowemo thupi lonse, madzi muzisintha pafupipafupi poti imakonda kuchitiramo chimbudzi. Mobisala muwiri, kwina kofunda kwina kozizirirapo, ndipo mumodzi muikemo ndere yonyowa.

Kutentha ndiye komwe anthu amalakwitsa kwambiri, amaganiza kuti poti ndi ya ku Amazon ndiye kuti imakonda kutentha koopsa. Ayi, imakhala pansi pa mitengo pamthunzi ndipo imayenda usiku. Mbali yofunda ya bokosi ikhale cha mma 28 digiri, yozizira 24 kapena 25. Ikakhala nthawi yaitali pamwamba pa 31 kapena 32 digiri mutha kuipeza itafa. Tsono ganizani October wa kuno, nyumba ya malata yopanda siling'i ku Area 25 kapena ku Kawale, masana mwakhoma zitseko ndi mawindo mwapita kuntchito, mchipinda muja mumaposa pamenepo mosavuta. Bokosi liikeni pansi pa simenti, chipinda chomwe dzuwa la masana silimenya, kutali ndi windo. Kukatentha zedi, botolo la madzi oundana lokulunga mu thawulo muliike pamwamba kapena pambali pa bokosi. June ndi July nkhani imatembenuka, usiku kumazizira mpaka pansi pa 10 digiri, apa mufunika heat mat (kamphasa ka magetsi kofunditsa bokosi) yolumikiza ku thermostat (kachipangizo koizimitsa kutentha kukafika pomwe mwaika), popanda thermostat imawotcha njoka kumimba iyo osasuntha. Magetsi akathima usiku wa July? Botolo la madzi ofunda mu thawulo ndi bulangete pamwamba pa bokosi zimakupulumutsani maola angapo, amene muli ndi sola kapena invetala muli pabwino. Mbaula mchipinda chotseka musayerekeze, utsi wa makala upha njoka ndi inu nomwe.

Langizo langa lalikulu ndi ili, konzani bokosi lonse, ikanimo thermometer yoyezera kutentha ndi hygrometer yoyezera chinyezi, za digito, muliyendetse lopanda njoka kwa milungu ingapo mukulemba manambala mmawa, masana ndi usiku. Ngati mukulephera kusunga chinyezi ndi kutentha mu bokosi lopanda kanthu ndiye kuti simunakonzeke, ndalama zanu zisungeni kaye. Bwinonso kuyesako mu October weniweniyo.

Chakudya ndi mbewa ndi makoswe, basi. Koma osati makoswe ogwira mnyumba kapena kumsika, ambiri amakhala adya tameki kapena mankhwala ena ophera makoswe, komanso ali ndi nyongolotsi. Mbewa zapamsewu zija zowiritsa zothira mchere ndi ndiwo zanu, osati za njoka. Njira yabwino ndi kuweta nokha mbewa zoyera mmakontena kapena kupeza woweta wodalirika musanagule njoka, chifukwa kuno simungangolowa mshopu nkupeza mbewa za mufiriji. Muzipereka yakufa kale, yosungidwa mu firiza, muisungunule mmadzi ofunda mpaka ifewe mkati monse, nkuipereka ndi chopanira chachitali madzulo. Khoswe wamoyo amaluma njoka nkuisiya ndi mabala oyipa. Kukula kwa chakudya kufanane ndi pomwe njoka yanenepa kwambiri. Kamwana kamodzi pa sabata, yaikulu pakatha masiku 10 mpaka 14. Ikadya musaigwire masiku awiri, apo ayi isanza, ndipo fungo lake mudzalikumbuka. Nkhani yosunga makoswe mu firiji imodzi ndi nyama ya pakhomo mukambirane kaye ndi mayi a kunyumba, ikhale mu kontena yakeyake yotseka.

Ikafuna kufundula maso amachita mbuu ngati a buluu, khungu limazilala, imakana kudya ndipo imakwiya msanga, ingoisiyani muonjezere chinyezi. Chikopa chikatuluka chathunthu ndiye kuti zinthu zili bwino, chikamatuluka zidutswazidutswa kapena kutsalira kumchira ndi mmaso, bokosi lanu lauma. Mukamva ikupuma molira kapena kutulutsa thovu kukamwa, kukamwa kuli yasaa, amenewo ndi matenda a mchifuwa ndipo pafunika dotolo wa ziweto msanga. Funsiranitu dotolo amene amaona njoka musanagule, ambiri anazolowera agalu, nkhuku ndi ng'ombe.

Tiana take timaluma, musadabwe, timano take timangokanda nkutulutsa timagazi pang'ono, sambani ndi sopo. Mukamaigwira modekha mphindi zochepa kangapo pa sabata zambiri zimazolowera. Mukatha kuigwira kapena kukonza bokosi sambani mmanja nthawi zonse poti njoka zimanyamula salmonella, tizilombo toyambitsa matenda otsegula mmimba, ana aang'ono ndi amayi oyembekezera asamaigwire.

Chinanso chomwe mavidiyo a kunja sangakuuzeni, kuno munthu wosunga njoka mnyumba anthu samuona ngati woweta. Aneba akangomva, mawa lake nkhani ili ponseponse kuti mwakhwimira kapena ndi ya chizimba cha bizinesi, ndipo tikudziwa momwe mphekesera za ufiti zimathera, anthu amagendedwa, nyumba kuphwanyidwa. Ngati mukuchita lendi auzeni alandilodi poyera, a pabanja panu avomereze, mfumu ya mdera kapena abuloko lida adziwe ndipo mapepala anu a boma muwaonetse. Pa mdadada wa nyumba zogundizana zogwiritsa bafa imodzi, ine ndingati dikirani mpaka mudzapeze malo a mpanda.

Ndipo njokayi ikasamalidwa imakhala zaka 20 kapena kuposa. Amene muli ku koleji kapena mukuganiza zopita kunja, dziwiranitu amene adzaitenge. Mukatopa nayo musakaitaye ku mtsinje wa Lingadzi kapena kutchire, kaonaneni ndi a Parks and Wildlife akuuzeni koyenera kuipereka.